Kuima ngati nsanamira ku Chenjiagou

Basi yochokera ku Zhengzhou itawoloka mtsinje wa Huang He, chinthu choyamba kundikoka maso chinali chimanga. Anachiyanika m'mbali mwa msewu, pena mpaka pakati pa tala penipeni, magalimoto n'kumachita kuchilambalala. Kunali kumayambiriro kwa Okutobala, sabata imene sukulu zonse ku China zimakhala pa tchuthi, ndipo alimi a m'chigawo cha Henan anali atangokolola, akukonza minda yomweyo kuti afesemo tirigu. Ndinatsikira ku Wenxian, n'kukwera takisi mtunda waufupi mpaka pa chipata cha mudzi wa Chenjiagou, kwawo kwa taijiquan, luso la kamenyedwe la ku China limene ambiri amalitcha tai chi. Dzinali tanthauzo lake ndi khwawa la banja la a Chen, ndipo makwawawo alipodi, amadutsa m'mudzi momwemo.

Ine ndinakulira ku Ndirande, m'nthawi ya mavidiyo sho. Tinkalipira makobidi pakhomo, n'kukhala mothithikana pa mabenchi kuonera nkhalamba ya ndevu zoyera ikugwetsa anyamata khumi ndi chikhatho chimodzi. Tikatuluka tinkakayeserera kuseri kwa nyumba. Chikhulupiriro chimenecho ndinakula nacho, mpaka tsiku limene ndinaonera pa foni kanema wa mu Epulo 2017, wa ku Chengdu, momwe Xu Xiaodong, womenya nkhonya za MMA, zophatikiza kamenyedwe kosiyanasiyana, anagwetsa Wei Lei, yemwe ankadzitcha katswiri wa taijiquan, theka la mphindi lisanakwane. Zinandiwawa mumtima. Choncho nditapeza mwayi wodzaphunzira ku Zhengzhou, n'kumva kuti mudzi umene taijiquan inabadwira uli pafupi, ndinati ndikadzionere ndekha ngati lusoli limathandizadi pa ndewu, chifukwa za kumva zimapweteka mutu.

M'mudzimu muli sukulu zingapo, zina zazikulu zokhala ndi ana ogonera komweko, zina zapabwalo la nyumba chabe. Ine ndinafikira pa yaing'ono. Aphunzitsi ake anali bambo wa zaka za m'ma 60, wamfupi, wa manja okhakhala ngati a mlimi aliyense. Tinkawatchula kuti laoshi, kutanthauza aphunzitsi. M'mawa woyamba ndinkayembekezera kuti andionetsa kamenyedwe. Iwo anangoti nditalikitse mapazi molingana ndi mapewa, ndipinde maondo pang'ono, ndikweze mikono ngati ndakumbatira mtengo, basi ndiime. Kaimidwe kameneka amakatcha zhan zhuang, kutanthauza kuima ngati nsanamira.

Mphindi zisanu zoyamba ndinaona ngati palibe chovuta. Kenako laoshi anabwera kumbuyo kwanga, anagwira m'chiuno mwanga ndi zala ziwiri, anakankhira pansi pang'ono pamene ntchafu imalumikizana ndi thupi, malo amene iwo amati kua, anawongola msana wam'munsi, anabweza chibwano changa m'kati. Kusintha konseko sikunakwane n'chikhatho chomwe. Koma nthawi yomweyo thupi lonse linatsikira m'ntchafu, ndipo zinayamba kutentha ngati wina wayatsapo mbaula. Miyendo inanjenjemera, thukuta linatsika kamukamu ngakhale kunja kunali kachisanu. Mawu amene ndinawamva kambirimbiri sabata yonseyo anali amodzi: fangsong, masuka. Mapewa akakwera, fangsong. Ndikamanga mpweya, fangsong. Apa m'pamene pali chinsinsi, ngati chilipo n'komwe. Munthu ukatopa umafuna kudzigwira ndi mapewa, khosi ndi msana, ndipo ntchito yonse ya kuimaku ndi kuphunzitsa thupi kusiya kugwira kumtundako, kuti kulemera kudutse m'mafupa kukafike pansi.

Ndili chiimire choncho ndinakumbukira mayi anga atasenza ndowa yamadzi kuchokera kumjigo. Mutu chilili, khosi losauma, mapewa ogwa, chiuno chokha n'chimene chimayenda, madzi osatayika ngakhale dontho. Palibe anawauzapo za kua. Thupi linadziphunzira lokha chifukwa katundu ankabwera tsiku ndi tsiku.

Madzulo ndinkayendayenda m'mudzi. Pa kachisi wa makolo a banjali pali chiboliboli cha Chen Wangting, amene amati ndiye anayambitsa taijiquan, wa m'badwo wachisanu ndi chinayi wa banjali, yemwe anakhala ndi moyo m'zaka za m'ma 1600, ufumu wa Ming ukutha. Anali msilikali, ndipo mayina ambiri a kayendedwe kamene anasiya amafanana ndi amene mkulu wa asilikali Qi Jiguang analemba kale pophunzitsa ankhondo ake. Izi n'zofunika kuzidziwa. Luso limeneli silinayambe ngati masewera a okalamba m'mapaki. Anthu a m'mudzimu ankateteza nalo mabanja ndi katundu, ndipo ankaphunzira mkondo, lupanga ndi ndodo yaitali pamodzi ndi nkhonya. Chapafupi pali nyumba imene amati m'mene Yang Luchan, mlendo wochokera ku Yongnian, anaphunzirira kwa Chen Changxing (1771–1853). Yang ameneyu ndiye anakafikitsa taijiquan ku Beijing, ndipo kumeneko anam'patsa dzina lakuti Yang Wosagonjetseka. Mu 1928 Chen Fake, wa m'mudzi womwewu, nayenso anapita ku Beijing kukaphunzitsa, ndipo anthu amasimba kuti ali mnyamata ankabwereza ndondomeko yonse ya kayendedwe maulendo 30 pa tsiku. Taijiquan yofewa imene ambiri timaiona, ya mayendedwe 24, inakonzedwa ndi boma mu 1956 kuti aliyense azilimbitsira thupi. Mu Disembala 2020 bungwe la UNESCO linaika taijiquan pa mndandanda wa chikhalidwe cha anthu a dziko lonse, ndipo zikwangwani zonena zimenezi zili ponseponse m'mudzimu.

Tsiku lachitatu laoshi anandiuza kuti ndiwakankhe. Anaima mwendo umodzi kutsogolo, ine ndinaika manja pa mikono yawo. Ndine wamtali kuposa iwo, komanso wolemera. Ndinakankha ndi mphamvu zanga zonse, koma zinali ngati ndikukankha chulu. Sanalimbe thupi, mikono yawo inali yofewa ndithu, kungoti mphamvu yanga inkangolowa pansi. Ndiye anatembenuza chiuno pang'ono chabe, ine n'kupezeka ndikudzandira cham'mbali. Tinabwereza kasanu. Panalibe zamatsenga. Iwo ankamva kudzera pakhungu kumene mphamvu yanga ikulowera ine ndisanadziwe, luso limene amalitcha ting jin, kumvetsera mphamvu, ndipo anali ndi miyendo yoti n'kuwapatsa nthawi yodikira. Zaka 50 za kuima ndi kuzungulitsa mikono pang'onopang'ono, zija amati chansi gong pofanizira ndi kusolola ulusi wa silika, zinali m'manja mwanga pamenepo, ndipo sindingazikane.

Koma funso langa linali lisanayankhidwe. Kukankhana mutagwirana kale ndi nkhani ina, munthu wobwera ndi chibakera kumaso ndi nkhani inanso.

Yankho ndinalipeza pa sukulu ina yaikulu, pamene ndinaloledwa kuonerera masana. Anyamata a zaka 16, 17 ankachita tuishou, kukankhana ndi manja, koma osati yofatsa ija ya awiri akuzungulitsa manja. Iyi inali yogwirana zenizeni, kukokana, kupingana miyendo, wina kumenyetsedwa pa mphasa kuti phii, kudzuka, kuyambiranso. Kumbali ena anali atavala magolovesi, akumenya zikwama ndi kumenyana mwa malamulo a sanda, nkhonya za ku China zophatikiza mateche ndi kugwetsana. M'mawa anyamata omwewa amathamanga, amaima zhan zhuang, amachita laojia yilu, ndondomeko yakale ya mayendedwe opitirira 70. Ndinafunsa mphunzitsi wawo, mnyamata wa msinkhu wanga, m'Chitchaina changa chopereweracho, ngati kuima kokha kungam'thandize munthu pa ndewu. Anapukusa mutu. Anati kuima kumakupatsa miyendo ndi thupi logwirizana, koma amene sanamenyedwepo kumaso amatsinzina chibakera chikamabwera, ngakhale ataima zaka makumi awiri. Anatchula yekha za Ma Baoguo, winanso wodzitcha katswiri wa taijiquan, yemwe mu Meyi 2020 anagwetsedwa katatu m'masekondi 30 ndi munthu wongophunzira nkhonya mwa apo ndi apo, ndipo nkhope yake inaonetsa kuti nkhaniyo imamupweteka monga inandipwetekera ine.

Maganizo anga ndi akuti onse awiri, laoshi ndi mnyamatayu, akunena zoona, ndipo olakwa ndi aja amagulitsa theka ngati chinthu chathunthu. Pali mwambi umene laoshi ankaukonda, wakuti wophunzira nkhonya osaphunzira gong, ntchito yapansi ija yomanga thupi, adzakalamba ali chimanjamanja. Ndikuuvomereza. Komanso amene wamanga maziko okhaokha asauze anthu kuti ali ndi nyumba. Masewera onse atatu amene amatchedwa neijia, a m'kati, ali ndi maziko otere: a xingyiquan amaima santishi, kulemera kwambiri kuli ku mwendo wakumbuyo, a baguazhang amayenda mozungulira bwalo, a taijiquan amakumbatira mtengo wawo. Mnzanga wina pasukulupo, wochokera ku Shanxi, anandionetsa santishi, ndipo sindinathe mphindi ziwiri. Iyenso anavomera kuti kwawo amene amatha kumenyadi ndi okhawo amene amamenyana.

Chakudya chinali cha kumudzi: mantou, buledi wophika ndi nthunzi, phala la mapira, ndiwo zamasamba, ndi chilazi chowonda chimene Wenxian imatchuka nacho. Ndinkadya ngati ndachokera kolima.

M'mawa womaliza laoshi anandiphunzitsa kayendedwe koyamba ka laojia yilu. Umakweza bondo lamanja ndi chibakera pamodzi, kenako phazi limatsika kuti dii, chibakera n'kugwera m'chikhatho chamanzere nthawi yomweyo. Dzina lake ndi jingang daodui, ndipo atandimasulira ndinadabwa: mlonda wa Buddha akusinja mumtondo. Ndinawaonetsa pa foni chithunzi cha alongo anga akusinja chimanga kumudzi kwathu ku Thyolo. Anachiyang'ana nthawi yaitali, analoza maondo awo opindika, analoza chiuno, kenako anati munsi sukwezedwa ndi mikono, ndipo ndichite ngati iwowo. Ndinayesanso. Phazi linatsika, ndipo kwa nthawi yoyamba phokoso lake linali lolemera, lochokera pansi, osati la kuwomba simenti. Laoshi anagwedeza mutu kamodzi n'kupita kwa wophunzira wina.

Ndisanakwere takisi ndinadzera ku khwawa la kum'mawa, limene amalitcha Donggou. Pansi pa mitengo panali agogo ena aakazi, tsitsi loyera, akuchita ndondomeko yomweyo okhaokha, atatsika pansi kuposa mmene ine ndingathere, thumba lawo la ndiwo atalikoleka panthambi.

Pano ku Zhengzhou ndimaima mphindi 20 m'mawa uliwonse m'chipinda changa ndisanapite m'kalasi, ndipo miyendo ikadanjenjemerabe. Lachiwiri ndi Lachisanu madzulo ndimapita kokaphunzira sanda. Sabata yatha mnzanga anandiponyera chibakera chamanzere, ndinachiona chikubwera, ndipo maso anga sanatsinzine.