Chiponde chathu cha ku Ulongwe ndi mikangano ya pamalire

Bizinesi yathu inabadwa chifukwa cha mtengo woipa wa mtedza. Chaka chilichonse tikakolola kuno ku Angónia, ku Mozambique, mavenda amabwera ndi masikelo awo n'kutchula mtengo womwe akufuna, iwe wolima n'kungoti zikomo. Mayi a kunyumba ndi amene anati tiyese kupera tokha. Tinadula mgolo wachitsulo wokazingira, tinagula kachigayo kamagetsi, ndipo ana anapatsidwa ntchito yomwe amaida mpaka lero: kukhala pamphasa n'kumatola mtedza wachuku umodziumodzi. Ntchito imeneyi sitiichita mwachidule, chifukwa njere zochepa zoola zimawawitsa ndowa yonse, komanso chuku chimadwalitsa.

Botolo lathu ndi losavuta kulizindikira. Chivindikiro n'chachikasu, papepala pali mtondo ndi munsi, dzina lili pansi pake. Ogula ambiri sawerenga dzinalo, amangoti "cha kamtondo chija". Ndipo ogula athu sanali a mbali ino yokha. Amene amadziwa dera lino akudziwa kuti msewu wa ku Ntcheu ndi Dedza umayenda m'malire penipeni, moti pa Lizulu munthu amagula tomato ku Malawi n'kukamwa tiyi ku Mozambique. Chiponde chathu chinkadutsa pa Calómuè n'kukapezeka m'magolosale a tsidya linalo.

Tsiku lina mayi wina amene amatipikula anabwera ndi botolo lotsegula. "Bambo, talawani ichi. Mwayamba liti kuthira ufa?" Chivindikiro chinali chachikasu, mtondo uli pomwepo, dzina atangosintha chilembo chimodzi. M'kati munali phala lotuwa, mafuta ophikira atayandama pamwamba ngati chala chimodzi kuya kwake. Wopanga wake anali kutsidya, ndipo sitinamuonepo nkhope.

Apa m'pamene tinalowa sukulu ya mapepala. Kuno chizindikiro cha malonda chimalembetsedwa ku IPI, ofesi yoona za umwini wa zizindikiro ndi luso yomwe likulu lake lili ku Maputo. Chikalembetsedwa chimatetezedwa zaka 10, koma zaka zisanu zilizonse umayenera kupereka kalata yosonyeza kuti ukufunabe kuchigwiritsa ntchito. Vuto n'lakuti chitetezocho chimathera pamalire. Mwayi wathu unali woti mu 2020 Mozambique inalowa m'pangano la Banjul, loyendetsedwa ndi ARIPO, bungwe la ku Harare lolembetsa zizindikiro ndi luso m'mayiko angapo a mu Africa, lomwe Malawi analimo kale. Umapereka pempho limodzi n'kutchula mayiko omwe ukufuna, kenako dziko lililonse limaunika palokha. Tinatchula Malawi.

Pempho lili m'njira, mu Marichi 2025 boma la Malawi linaletsa kulowetsa katundu wina wochokera kunja pofuna kuteteza alimi ake ndi kusunga ndalama zakunja. Pamndandanda panali kachewere, anyezi, adyo, uchi, ufa, ndi chiponde chomwe. Kuno kunali kulira, chifukwa kachewere wa ku Angónia ndi Tsangano ndiye moyo wa mabanja ambiri.

Madzulo ena achimwene anga aakulu, amene amachita geni ya kachewere, anandipeza ndikumata mapepala pamabotolo. Anali atapsa mtima. "Iwe, boma lathu likanakhala ndi mano, likanaimitsa kulembetsa zizindikiro zonse za Amalawi. Aliyense akopere momwe angafunire, aone kuwawa kwake." Ndinawayankha kuti, "Achimwene, nanga iwo akabwezera, pempho langa lija ligwera kuti?" Anangoti kukamwa yasa, kenako n'kusintha nkhani.

Maganizo awowo si achilendo, ngakhale mayiko akuluakulu amawayesa. Pa mkangano wa thonje, Brazil inadandaula kuti United States ikupereka ndalama zothandizira alimi ake mopondereza ena. Mu 2009 bungwe loona za malonda a padziko lonse la WTO linaloleza Brazil kubwezera, mpaka kukhudza umwini wa luso la makampani a ku America. Chiopsezocho chinagwira ntchito, poti mu 2010 America inavomera kumalipira madola 147.3 miliyoni pachaka. Choncho sindinganame kuti chida chimenechi n'chobuntha. Koma taonani amene akanalangidwa: wopanga mankhwala ndi woimba nyimbo, anthu oti sanalimepo thonje. Ndipo mu Julaye 2025 zinatembenuka. America inatsegula kafukufuku pa Brazil, n'kuika m'thumba limodzi nkhani ya umwini wa luso, njira zolipirira pafoni, mafuta a ethanol ndi kudula nkhalango. America yomweyo ili kale ndi lipoti lapadera lotchedwa Special 301, lomwe limatuluka chaka chilichonse kuyambira 1989 kuunika za umwini wa luso basi. Nkhani zikasakanizidwa chonchi, woweruzidwa sadziwanso choti akonze kuti mlandu uthe.

Ine wa kamtondo ndimaziona motere. Munthu amene akuunika pempho langa ali ndi mafunso ochepa: kodi chizindikirochi chilipo kale m'kaundula, kodi chingasokoneze ogula, kodi anayamba kupempha ndani. Mtengo wa kachewere mulibemo. Pangano la Paris la 1883, lomwe Malawi analowa mu 1964 ndipo Mozambique mu 1998, limanena kuti mlendo wochokera m'dziko la m'panganomo atetezedwe mofanana ndi mwini dziko. Kampani yaikulu ikaponderezedwa imalemba maloya n'kudikira. Ife tilibe loya, chomwe tili nacho ndi lamulo limenelo.

Palinso nkhani ya nthawi. Mikangano ya pamalire imabwera n'kupita. Tanzania itakwiya ndi chiletso chija inatsekera katundu wa ku Malawi mu Epulo 2025, patangopita masiku ochepa n'kutsegulanso kuti akambirane. Koma chizindikiro chikaperekedwa kwa wokopera pa nthawi ya mkwiyo, ndiye kuti zaka 10 dzina lako lili m'manja mwa wina. Chomwechonso ndi mbuzi ya Cabrito de Tete, yomwe dzina lake linalembetsedwa ngati chuma cha dera lino: woweta wa ku Changara sangakondwe kumva kuti dzinalo lasanduka chikole pa mkangano wa misonkho.

Msika wa kutsidya utatsekeka tinatembenukira kumwera. Tsopano makatoni amakwera galimoto za ku Moatize ndi mumzinda wa Tete, komwe kutentha kunatiphunzitsa kusaunjika mabotolo padzuwa. Pansi pa chivindikiro chilichonse timadinda nambala ya tsiku lomwe tapera, ndipo opikula onse tinawauza kuti botolo lopanda nambalayo asalandire. Achimwene nawo anapeza ogula kachewere ku Chimoio, ngakhale amadandaula ndi mtengo wa thiransipoti.