Lachitatu ku Mayfair: mvula, tiyi ndi mbiri ya a Yusufzai

Mvula yavumba kuno ku Johannesburg kuyambira m'mawa, makasitomala osaoneka. Tinangokhala mushopu, ine ndikukonza mafoni, abwana akuwiritsa tiyi wobiriwira wa kwawo. Iwowa ndi a mtundu wa Pashtun, fuko la Yusufzai, ochokera ku Swat kumpoto kwa Pakistan.

Anandifunsa dzina la agogo a bambo anga. Nditati ife ku Dedza timatsata kuchikazi, mwini mbumba ndi amalume, anaseka mpaka kutsamwa. Iwo amawerenga makolo aamuna okhaokha mpaka kukafika pa Qais Abdur Rashid, amene amati ndiye kholo la a Pashtun onse, ndipo manda ake amawaloza paphiri la Takht-e-Sulaiman. Akatswiri a mbiri amati anthuwa anachokera m'magulu osiyanasiyana, ndipo Chipashto n'chapachibale ndi ziyankhulo za ku Iran. Ine ndimaona kuti nkhani ya Qais ndi yomangira ubale, koma ndani angatsutse kholo la munthu amene amamulipira?

Zomwe zinandigwira mtima ndi za fuko lawolo. A Yusufzai anachoka dera la Kandahar n'kukakhala ku Kabul, konseko m'dziko lomwe lero ndi Afghanistan. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1400, wolamulira kumeneko, Ulugh Beg, anaitanira akuluakulu awo kuphwando n'kuwapha ali pachakudya. Pofotokoza pamenepa abwana anaika kapu pansi, nkhope itasintha, ngati zachitika dzulo. Otsala anathawira kum'mawa motsogozedwa ndi Malik Ahmad, nakhazikika m'chigwa cha Peshawar, kenaka n'kulanda Swat. Mu 1519 Babur, yemwe pambuyo pake anakhazikitsa ufumu wa Mughal ku India, anakwatira mwana wamkazi wa mmodzi mwa mafumu a Yusufzai, Bibi Mubarika, pofuna mtendere.

Amene anagawa malo olandawo ndi Sheikh Mali, mtsogoleri wina wa a Yusufzai, ndipo anaika lamulo lakuti pakapita zaka, midzi yathunthu izisinthana minda mwa maere, kuti dothi lachonde lisakhale la banja limodzi mpaka kalekale. Tangoganizani kusamuka ndi mbuzi ndi mphika chifukwa maere agwa! Ku Swat mwambowu unatha m'zaka za m'ma 1920.

Madzulo abwana anaimbira msuweni wawo wa ku Jalalabad, ku Afghanistan, pa WhatsApp. Chiyankhulo chimodzi, magazi amodzi, koma kuti akaonane pamafunika pasipoti ndi viza, chifukwa cha malire a pakati pa Afghanistan ndi dziko lomwe lero ndi Pakistan, amene Mortimer Durand wa ku Britain ndi Abdur Rahman Khan wa ku Afghanistan anagwirizana mu 1893.