Mwini ndalamayu adzagogoda liti?

Kwa masabata atatu ndakhala ndikuloweza tebulo limodzimodzi la m'kalasi, la komwe makampani a inshuwalansi amaika ndalama: ma treasury bills (mapepala a ngongole ya boma ya nthawi yochepa), ma treasury notes (a ngongole ya boma ya zaka zingapo), masheya, nyumba za lendi, ndalama zosungitsa kubanki. Ndimatha kulitchula ngakhale wina atandidzutsa pakati pa usiku. Koma mukanandifunsa chifukwa chomwe kampani ya inshuwalansi ya galimoto imaunjika ndalama m'ma treasury bills pomwe ya inshuwalansi ya moyo imagula masheya ndi nyumba, ndikanangoyang'ana kudenga. Dzulo usiku, ndili m'kachipinda kanga ku Matawale, magetsi atathima, ndikuunika ndi foni, zinalowa. Ndinapuma ngati ndatula mtolo wa nkhuni.

Vuto langa linali loti ndimaona ngati ndalamazo ndi za kampaniyo, ndiye ndimadabwa kuti bwanji osangoziika zonse komwe phindu ndi lochuluka. Si zake. Ndi za anthu omwe adzabwere kudzapempha chipukutamisozi. Ndiye funso loyamba si loti phindu lili kuti, koma loti mwini ndalamayu adzagogoda liti.

Tengani minibasi yoyenda pakati pa Zomba ndi Limbe. Inshuwalansi yake ndi ya chaka chimodzi, ndipo ngozi itha kuchitika mawa lomweli pa Thondwe kapena pa Namadzi. Ndalama zikufunika msanga. Nyumba ya maofesi sungaigulitse m'sabata imodzi, ndipo pa Malawi Stock Exchange ogula masheya ambiri nthawi imodzi sapezeka tsiku lililonse. N'chifukwa chake ndalama zotere zimakhala pafupi, kubanki ndi m'ma treasury bills a masiku 91, 182 kapena 364, omwe boma limagulitsa kudzera ku Reserve Bank of Malawi.

Tsono tengani mphunzitsi wa zaka 25 amene wayamba kulipira inshuwalansi ya moyo. Ameneyu mwina adzagogoda patapita zaka 30. Ndinawerengetsa: ukaika ndalama zake m'pepala la masiku 91, uyenera kuguliranso lina kanayi pachaka, kutanthauza maulendo pafupifupi 120, ndipo ulendo uliwonse chiwongoladzanja chikhoza kukhala chatsika. Apa m'pamene ndinaimirira. Chomwe ndimachiyesa chotetezeka kwambiri, kwa munthu uyu n'choopsa! Iye akufunika ma treasury notes a zaka 10, masheya, ndi nyumba zomwe lendi yake imakwera zinthu zikamakwera mtengo. Nzosadabwitsa kuti mukamakamba za makampani a nyumba za lendi a MPICO ndi ICON Properties, mayina a makampani a inshuwalansi a Old Mutual ndi NICO sachedwa kumveka.

Chomwe chinanditsegula mutu ndi mzere basi. Ndinajambula mzere papepala, kumanzere lero, kumanja zaka 30. Pamwamba ndinalemba tsiku lomwe aliyense adzafune ndalama zake, pansi tsiku lomwe chuma chilichonse chidzabweze ndalama. Kenako kumangolumikiza. Ndikukhulupirira kuti mzere umenewu ukuposa buku lililonse lomwe ndabwereka ku laibulale semesita ino, ndipo funso lililonse la mutuwu ndiziyamba nawo. Amayi ku Jali amachita zomwezi osatchula dzina: ufa wamawa uli m'ndowa, chimanga chofikitsa Febuluwale chili m'matumba chothiridwa mankhwala, mbuzi ndi ya fizi ya teremu yamawa. Sagulitsa mbuzi kuti agule mchere.

Chikundipweteka n'choti aphunzitsi athu anayamba ndi masamu a duration (muyeso wa nthawi yomwe ndalama zimatenga kuti zibwerere) tsiku loyamba, bolodi lonse manambala, ife n'kumangokopera. Mphindi zisanu za mzere uja zikanatipulumutsa. Sindikuwada, kalasi ndi yaikulu ndipo semesita ikuthamanga, koma masabata atatu amenewa ndikanawerengera zina, mayeso ali pakhomo.

Komabe pali pomwe mzere wanga ukugwedera. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Kampani ya inshuwalansi ya galimoto ikhoza kukhala kuti inalumikiza masiku ake bwinobwino, ndalama zili pafupi, koma galasi ndi bampala zimachokera kunja, ndipo mtengo wake unalumpha pomwe ndalama za m'pepala la boma zinali zomwezija. Tsiku lagwirizana, koma ndalamazo sizikukwana. Ndiye pali namondwe Freddy wa mu Malichi 2023, pomwe anthu ambirimbiri anaonongekeredwa katundu nthawi imodzi. Pamenepo akuti yankho ndi reinsurance, inshuwalansi yomwe kampani ya inshuwalansi nayo imagula ku kampani ina, ndamva, koma pa mzere wanga ndiyiika pati?

Mwina pafunika mzere wachiwiri wa mphamvu ya kwacha. Ndayesa kuujambula m'mawa uno ndikudikira madzi a tiyi, koma mizere iwiriyo sikukumana, ndipo sindikudziwa ngati cholakwika ndi kajambulidwe kanga kapena ganizo lenilenilo.