Matayala okwerera phiri la Mulanje

Kapikapu kanga ka Hilux ndi kamene kamandidyetsa: lero njerwa ku Area 49, mawa chimanga ku Mitundu, mkuja maliro. Pofika Okutobala wa chaka chatha matayala ake anali atasalala ngati chipumi, mawaya ali pamtunda. Ndinalowa m'sitolo kukafunsa atsopano, koma nditamva mtengo ndinatuluka osatsanzika.

Ndiye ndinatsikira ku Malangalanga. Mnyamata wina anandikodola. "Bigi, tabwerani muone katundu wa ku Japan." Analipo anayi, akuda bii, mano akuya oti n'kubisamo chala. Pambali panali chithunzi cha phiri, pakati pake kaduwa.

"Nanga ichi?"

"Simukuona, bwana? Phiritu limenelo. Awa mukwera nawo Mulanje mpaka pa Sapitwa."

Mtengo wake theka la wa m'sitolo. Sindinanenerere n'komwe, ndinamugulira ndi Fanta yemwe. Pa tala galimoto inkangoyandama ngati ndakhala pa matiresi, ndipo aliyense amene anandipatsa moni sabata imeneyo anamva za Sapitwa, apongozi anga omwe.

Loweruka anandiitana kumudzi, kuseri kwa Mitundu, kuti ndikatenge chimanga. Matumba 20 a makilogalamu 50, tani yathunthu, mbuzi yomangidwa pamwamba, apongozi aakazi kutsogolo atayang'ana kuwindo monga mwa mwambo. Dzuwa linali loswa mtengo. Matayala akumbuyo anatuluka mimba ngati achule, ine n'kumati ndi mmene amakhalira a ku Japan.

Tisanafike pa tala, ndinakhudza kachitsa kamene ngakhale njinga ya kabaza sikangaiopseze. Phuu! Mbuzi inadula chingwe n'kulowa m'munda mwa eni. Apongozi anafuula "Mayo ine!" n'kundigwira pabondo, chinthu chimene chiyambire ukwati wanga sichinachitikepo, ndipo tonse awiri tinagwirizana mwakachetechete kuti sichinachitike.

Jeke ankangomira mumchenga mpaka ana anandibweretsera njerwa. Ndinaika sipeya, lomwe linali limodzi mwa akale a mawaya aja. Tinayenda pang'ono, linzake la ku Japan nalonso n'kuphwa, litang'ambika m'mbali. Chimanga chinakafika pa Mitundu pa ngolo ya ng'ombe, apongozi atakhala pamwamba pa matumba, mbuzi ili pamiyendo. Ngolo ikunyamuka, anafunsa mofatsa, maso ali kwa ng'ombe: "Akamwini, a ku Mulanje aja ndi amenewa?"

Lolemba makanika wina wachikulire ku Biwi anayang'ana tayala lija n'kuseka mpaka kukhala pansi. Kaduwa kaja, akuti, si duwa ayi, ndi chizindikiro cha chipale chofewa. Anandiwerengetsa mawu akuti STUDLESS: matayala a nyengo yozizira, labala wake wofewa dala kuti azigwira pa ayezi, ndipo pa kutentha kwathu kuno amangonyenyeka. Kenako analoza manambala anayi, 1413. "Sabata ya 14, chaka cha 2013, achimwene. Tayala ili ndi lalikulu kuposa mwana wanu." Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Anapitiriza kuti galimoto ya katundu imafuna tayala lolembedwa LT kapena C, la mbali zolimba, ndipo kwa ife oyenda tala ndi fumbi matayala olembedwa A/T, a msewu wamtundu uliwonse, ndi okwanira; olembedwa M/T ndi a matope enieni, pa tala amangolira n'kumamwa mafuta.

Ndinabwerera ku Malangalanga nditakwiya. Mnyamata uja anandimvetsera mwaulemu mpaka kumapeto, kenako n'kufunsa: "Koma bwana, ku Mulanjeko munapitako?"

Ndinatenga ngongole ku banki m'khonde ya akazi anga n'kugula a A/T. A ku Japan aja ali pakhomo, mayi anadzalamo anyezi, ndipo akubereka bwino kwambiri.