Oyisitara za ku Knysna ndi yankho limene ndinapereka

Loweruka usiku. Ndasamba m'manja kawiri koma akununkhabe ndimu ndi madzi amchere, ndipo tulo takana.

Za ulendo ndilibe zambiri. Takisi yochokera ku George, kumene ndimakhala kuno ku South Africa, kupita ku tauni ya Knysna, makilomita pafupifupi 60 pa msewu wa N2, chisanu cha Julaye cholowa mpaka m'mafupa. Knysna inali yodzaza. Kunali chikondwerero cha oyisitara, mtundu wa nkhono za m'nyanja yamchere za zigoba ziwiri. Chikondwererochi chinayamba mu 1983 kuti tauniyi isamagone m'nyengo yozizira alendo akachepa, ndipo lero ngakhale pokhala pamasowa. Ine ndinangopita kukaona, popeza ndatha zaka zitatu kuno ndikungomva mbiri yake.

Chimene chandigoneka maso ndi bambo wina amene ndinawapeza akugulitsa oyisitara kufupi ndi Waterfront, malo a masitolo m'mphepete mwa madzi, kuseri kwa tebulo lodzaza madzi oundana. Mpeni unawaterereka pang'ono, ndiye ndinamva akuti, "Iii, koma abale!" Mtima unangoti phaa. Ndinasendera n'kunena kuti, "Muli bwanji, bambo?" Anandiyang'ana nthawi yaitali mpeni uli m'manja.

"Kwanu n'kuti, mwananga?"

"Ku Nkhotakota."

"Ndiwe wa kunyanja tsono. Ine wa ku Mangochi, m'mbali mwa Malombe."

Mzere unali wautali, choncho tinkacheza iwo akugwira ntchito. Manja awo ndinawayang'anitsitsa. Lamanzere lakulunga oyisitara m'kansalu, lamanja lagwira kampeni kakafupi kokhuthala. Nsonga amailowetsa kumbuyo, pamene zigoba ziwiri zalumikizana, n'kupotoza kamodzi. Kenako mpeni umayenda chopendekera m'kati kukadula kamnofu kamene kamatseka chigobacho, koma madzi a m'katimo osatayika ngakhale dontho. Chala chawo chachikulu chinali ndi zipsera zoyera zingapo, zakale ndi zatsopano.

Anandipatsa imodzi. Ndinazengereza, chifukwa kwathu ndiwo ya m'madzi imaona moto kaye, kapena dzuwa la pathandala, ndipo nkhono ana timangoseweretsa pamchenga. Iwo anafinyira ndimu m'mphepete mwake, ndipo kamphonje kakuda ka mnofuwo kanakwinyika ndikuona.

"Waona? Ili moyo. Ikayasama yokha osatsekanso, imeneyo ndi yotaya, ingakugoneke m'chipatala."

Ndinapendeketsa chigoba pakamwa. Kuzizira, mchere, kenako kakomedwe kena kofatsa pambuyo, ngati nkhaka. Ndinatafuna kawiri monga anandiuzira. Inandikomera ndithu, ndipo ndinagula zina zisanu ndi imodzi, ziwiri ndi tsabola wa Tabasco. Ife tinakulira pa nyanja yopanda mchere, ndiye kumva nyanja yamchere yonse ili pa lilime n'chinthu chimene sindidzaiwala.

Anandiuza kuti zambiri zimene anthu akudya pachikondwererochi sizikulira m'madzi a Knysna enieniwo. Zimabwera pa galimoto kuchokera kumalo ngati Saldanha Bay, kugombe la kumadzulo, kumene amaziweta zitalendewera m'madzi. Mtundu wake ndi wa Pacific, kwawo kwenikweni ndi cha ku Japan. Kenako anapisa pansi pa tebulo n'kutulutsa ina ya chigoba chokhotakhota. "Iyi ndiye ya konkuno, ya pamiyala. Amakaigwetsa ndi chitsulo madzi akaphwa kwambiri, ndipo pamafunika chilolezo. Idya, usalipire." Inali ya mchere wambiri, mnofu wake wolimba. Kwa ine inaposa zowetazo.

Basi pamenepo nkhani inatembenuka. Anati anali mlovi, ankakoka khoka la nkacha ali mnyamata. Chambo cha ku Malombe chinatha iwo akuona, zaka za m'ma 1990 zisanafike pakati, m'makoka mukungotuluka tinsomba ta kambuzi. Kumudzi sanapiteko zaka zambiri, amangotumiza ndalama. Ndiye anaimitsa mpeni n'kundifunsa kuti, "Nanga kunyanja yaikuluko, chambo chikuphedwabe?"

Ine ndinati, "Chilipo, bambo. Chambiri."

Anamwetulira mano onse. "Ndimadziwa. Ndikusunga kangachepe. Ndikabwerera ndikagula bwato ndi injini."

Pamenepo ndiye pakundiwawa. Ndinali kumudzi Disembala wathayu. Ndinaona ndi maso anga zimene zinali pamsika: usipa, utaka, ndi timilu ta kasawala, ana a chambo osafika n'chikhatho chomwe. Chambo chachikulu chikapezeka, mtengo wake amayi anga amangopukusa mutu n'kupitirira. Ndinaona anyamata akukoka neti ya udzudzu m'mabango, momwe nsomba zimaswerana, nyanja ili yotseka. Zonsezi ndikuzidziwa, ndipo munthu wamkulu anandifunsa moona mtima ngati mwana wa kwawo. Bwanji ndinayankha choncho? Mwina ndinaona mmene nkhope yawo inawalira atamva Chichewa, ndiye sindinafune kuizimitsa. Mwina inenso ndimafuna zikanakhala choncho. Koma ndalama zimene akusungazo ndi za zala zong'ambikazo.

Pambuyo pake ndinadya nkhono zina za m'nyanja, zimene kuno amati mussels, zophika ndi adyo, ndi kansomba ka hake kokazinga. Zinali bwino, koma mtima unali utachoka kale. Ndinapita kukaima poonekera The Heads, matanthwe awiri aja amene madzi a m'nyanja amalowera pakati pake. Mphepo inkawomba yozizira, ndipo ndinakumbuka kuti mwezi uno kwathu ndi wa mwera, mabwato ali pamtunda, alovi akusoka maukonde pansi pa mtengo. Mwina bambo aja amaukumbukanso mwerawo akamaima pa madzi oundana tsiku lonse.

Nambala yawo sindinatenge. Dzina lomwe sitinafunsane, tinangothera pa "bambo" ndi "mwananga". Potsanzikana anati, "Ukapita kumudzi ukandidyereko chambo cha pamoto."

Chigoba cha ya pamiyala ija ndinachikulunga m'pepala, chili apa pawindo. M'kati mwake n'moyera mosalala, chakumapeto kuli kabanga pamene panali kamnofu kaja. Anati mawa adzakhalaponso kuyambira m'mawa. Ndalama ya takisi ndili nayo yongokwanira ulendo umodzi, ndipo Lolemba ndi ntchito. Ndayesa kukonza mawu ake, "Bambo, dzulo sindinanene zonse," koma ndikafika pamenepo ndikumaona kumwetulira kuja