Tatuluka, ndipo matenda aja tsopano tawadziwa dzina

Tafika kunyumba ku Ngabu dzulo madzulo. Lero m'mawa mwana wayenda yekha kuchoka pakhonde mpaka pamtengo wa nimu. Akudzandirabe, koma wayenda. Ambuye alemekezeke.

Aka kanali kachitatu mwanayu kudwala chonchi. Mukudziwa mmene zimayambira: thupi kutentha, kukacha miyendo lende, khosi osalimba, lilime kulemera. Poyamba tinkati ndi malungo aakulu. Kachiwiri madokotala anaganiza kuti watupa ubongo waung'ono wa kunkhongo, uja umathandiza munthu kuyenda osagwa, koma sikani ndi madzi a pamsana sizinaonetse kanthu. Yankho labwera ndi magazi amene anatumizidwa kunja: jini (kanthu ka m'maselo kamene kamasunga malangizo a chibadwa cha munthu) yotchedwa ATP1A3 ili ndi vuto. Jiniyi imapanga kapampu kosuntha sodium ndi potassium m'maselo a ubongo, ndiye thupi likatentha kapampuko kamalephera ntchito. Mankhwala ochiziratu palibe. Chatsalira ife ndi neti usiku uliwonse, mafizo, ndi kuthamangira kuchipatala thupi likangofunda. Ndi udzudzu wa kuchigwa kunowu, muzitikumbukira m'mapemphero.

Alamu anga, ndiyambire pati? Munagulitsa mbuzi zanu ziwiri osandifunsa n'komwe. Pokwera phiri kuchoka pa Thabwa, ine manja akunjenjemera, ndinu munamugwira mutu mpaka ku Blantyre. Masabata 3 mukugona pansi ku Queens, thonje lanu likuwonongekera m'munda. Phala mumamumwetsa pang'onopang'ono ndi kasupuni, mukumuimbira, ine nditatuluka panja kukalira.

Anamwino a kuwodi ya ana, amayi a mvano amene munkabweretsa ufa kwa ana otsala kunyumba, achimwene a kabaza amene munatinyamula usiku uja osalandira ndalama, zikomo kwambiri.

Koma pali ena amene atangomva mawu oti jini anayamba kufalitsa kuti ndi majini a mizimu, eti ndinabwera nawo kuchoka kwathu. Adokotala anatifotokozera kuti vutoli limatha kuyambira mwa mwana ngakhale makolo onse alibe. Masabata onsewa simunaimbe ngakhale kamodzi, koma zoyankhula zanu zinkandipeza kuwodi. Zinandipweteka. Ndazisiya m'manja mwa Mulungu.

Alamu, mwanditumizira uthenga kanayi lero kufunsa za thupi. Ndangomugwira kumene, lili bwino, wagona. Akadzuka akufunsa azakhali ake, ndiye Loweruka mubwere.