Mmene ndinasankhira chainsaw ya nkhuni za pakhomo pathu

Bambo anga anatisiyira kamunda ka bulugama kuseri kwa nyumba yathu ku Thyolo. Kwa zaka zambiri tinkagwetsa mtengo umodzi kapena iwiri pamwezi ndi nkhwangwa, n'kuudula zipika ndi sowo yapamanja, zongokwanira kuphikira. Zinthu zinasintha mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atadutsa. Mvula itakata tinapeza mabulugama anayi atazuka ndi mizu yomwe, mtengo wa mapeyala utagonera khola la mbuzi, ndipo nthambi yaikulu ya mango itatseka njira ya kuchitsime. Ife tinachita mwayi, poti ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe anthu anataya abale ndi nyumba. Komabe mitengo ija inafunika kuchoka.

Ndinaitana mnyamata wina wa chainsaw wa m'mudzi woyandikana nafe. Ntchito imene ikanatitengera masabata awiri anaimaliza dzuwa lisanapendeke. Ankalipiritsa pa mtengo uliwonse, petulo n'kukhalanso wanga. Nditamuitana kachitatu chaka chomwecho ndinakhala pansi n'kuwerengera, ndipo ndinaona kuti ndi bwino ndisunge ndalama ndigule makina angaanga.

Mtima wanga unali pa zimakina zikuluzikulu zimene ocheka matabwa amanyamula paphewa, monga Stihl MS 382 kapena Husqvarna 272, za injini ya 72cc (cc ndi muyezo wa kukula kwa injini). Ndinkaganiza kuti chachikulu ndiye cholimba. Amalume anga, amene anagwirapo ntchito yocheka mitengo ya paini ku Chikangawa ali mnyamata, ndiwo anandibweza. Anati, "Mphwanga, usanapite m'tauni tenga chingwe ukayeze mitengo yako. Makina amagulidwa poona mtengo umene ukadule ndi mikono imene ikawanyamule." Ndinachitadi zomwezo. Ukazunguliza chingwe pathunthu la mtengo, n'kugawa kutalika kwa chingwecho patatu, umadziwa kukula kwa mtengowo kuchoka mbali ina kufika mbali ina. Mitengo yanga yambiri sinkapitirira masentimita 35. Iwiri yokha ndi imene inafika 50.

Apa m'pamene ndinamvetsa nkhani ya bar, chitsulo chophwatalala chija chimene tcheni chimazungulirapo. Bar ya mainchesi 16, omwe ndi masentimita 40, imadula mitengo yanga yonse, ndipo iwiri ikuluikulu ija ungaidule pocheka mbali ino kenako mbali inayo. Bar yaitali imafuna injini yamphamvu, imalemera kutsogolo, ndiponso ili ndi mano ambiri oti uzinola. Makina a 72cc aja amalemera makilogalamu opitirira 6 usanaikeko bar, tcheni ndi mafuta. Wocheka matabwa amafunikadi mphamvu imeneyo chifukwa amang'amba chipika m'litali tsiku lonse. Wa nkhuni ngati ine amawerama ndi kuweramuka kambirimbiri, ndipo munthu akatopa m'pamene ngozi imabwera.

Za magetsi sindinachedwe nazo. Yachingwe singafike kumunda, komanso magetsi kwathu amathimathima. Ya batire ndi yabwino kwa munthu wa m'tauni wofuna kusadza nthambi za mpanda, siisokosa ndipo siifuna petulo, koma pa bulugama wouma batire limatha ntchito isanafike pakati. Ndinatsala ndi ya petulo, ya pakati pa 40cc ndi 50cc.

Ulendo wanga woyamba wa ku Limbe sindinatenge ndalama yogulira makina. Ndinapita kukafunsa za zipangizo zokha, ndipo pa zonse zimene ndinachita ichi n'chimene ndimalangiza aliyense. Ndinalemba pakapepala: tcheni, tupa yonolera, pulagi, sefa ya mpweya, chingwe cholizira, sprocket (kagiya kamene kamazunguza tcheni) ndi timalabala ta mu carburetor (mosakanikirana petulo ndi mpweya). M'sitolo iliyonse ndinkafunsa kuti zimenezi ali nazo za makina ati. Chainsaw imadya zipangizo. Tcheni chimatha, sprocket imaperepeseka, chingwe chimaduka, ndipo makina amene zipangizo zake uyenera kuitanitsa ku Joni amakhala miyezi ali pakona ya nyumba.

Ndinapezanso mmisiri wina wokonza majenereta ndi machainsaw, bambo wachikulire, ndipo ndinakhala pabenchi pake pafupifupi ola lathunthu. Ndinawafunsa kuti, "Bambo, makina amene amabwera kuno kawirikawiri ndi ati?" Anandilozera mulu wa otchipa aja olembedwa 5200 kapena 5800, amene amabwera ndi mayina osiyanasiyana koma mkati ali ofanana. Sanawanyoze ayi. Anati zipangizo zake zimapezeka ndipo n'zotsika mtengo, moti munthu wodula kawiri pachaka angathe kukhala nawo. Vuto lake ndi loti pampu ya oyilo, cholizira ndi timapaipi ta petulo sizichedwa kufa, ndipo awiri ogulidwa tsiku limodzi amatha kukhala wina wabwino wina wovuta. Chimene anandichenjeza kwambiri ndi makina achinyengo, opakidwa utoto ndi dzina la kampani yotchuka koma asali ake. Mtengo wake ukatsika modabwitsa, wogulitsa n'kumakana kulemba lisiti yokhala ndi nambala ya makinawo, ndi bwino kungochokapo.

Atsopano a Stihl, kampani ya ku Germany, kapena a Husqvarna ya ku Sweden ndinawasirira, koma thumba linakana. Ndinaganiza zofuna ogwiritsidwapo kale ntchito a mayina omwewa, ndipo mmisiri uja anandiphunzitsa kayesedwe kake.

Oyamba ndinakawaona kwa munthu wina amene tinapezana pa Facebook. Ndisanachite chilichonse ndinakhudza injini, ndipo inali yofunda. Ndiye kuti anali atailiza ine ndisanafike, pamene ine ndinkafuna kuona mmene imalirira itazizira, chifukwa injini yotopa imavuta poyamba m'mawa. Kenako ndinagwira chogwirira cha chingwe cholizira n'kusiya makinawo alendewere. Injini yamoyo imagwira, makina amatsika pang'onopang'ono modukizadukiza. Awa anangoti pholokoto mpaka chingwe chonse kutha. Ndinathokoza n'kubwerera.

Achiwiri ankalira bwino, koma buleki ya tcheni inali yakufa. Buleki imeneyi ndi chotchinga chija chili kutsogolo kwa dzanja lamanzere. Nsonga ya bar, makamaka chakumtunda kwake, ikagunda chinthu tcheni chikuthamanga, makina amadumphira m'mwamba kulunjika kumaso kwa wocheka, zimene amati kickback, ndipo bulekiyo ndi imene imaimitsa tcheni nthawi yomweyo. Mwini wake anati, "Achimwene, ambiri amachekera opanda chimenecho." N'zoona, ndawaonapo. Ndaonanso chipsera chimene amalume ali nacho paphewa kuchokera ku Chikangawa. Sindinagule.

Achitatu anali Stihl MS 250, a bambo wina amene ankagwira ntchito yosamalira mabwalo a nyumba ku Joni ndipo anabwera nawo pobwerera kumudzi. Injini yake ndi ya 45cc, ndipo amalemera pafupifupi makilogalamu anayi ndi theka. Ulendo uno ndinapita ndi amalume. Injini inali yozizira, ndipo inalira titakoka kangapo. Titaisiya kuti izilira yokha, tcheni chinaima osayenda, monga ziyenera kukhalira. Amalume analozetsa nsonga ya bar pa katoni yoyera n'kuponda moto, ndipo panaoneka kamzere ka oyilo, kusonyeza kuti pampu ikugwira. Anakankha buleki, tcheni chinaima nji. Kenako tinapempha mwini wake kuti tipite nawo kwa mmisiri uja, ndipo anavomera mosavuta, zimene zinandilimbitsa mtima. Mmisiriyo anamasula chotulutsira utsi n'kusuzumira pisitoni ndi tochi. Inali yosalala, yopanda mikwingwirima. Nambala ya makinawo inali yodindidwa bwinobwino pathupi pake. Tinagwirizana mtengo, ndipo ndinapempha kuti tilemberane kalata yogulitsirana, mmisiriyo n'kukhala mboni.

Ndalama imene inatsala sindinabwerere nayo kunyumba. Ndinagula tcheni chatsopano, tupa ziwiri, chipewa cholimba chokhala ndi chotchinga kumaso, zotseka m'makutu ndi magolovesi. Jombo ndinali nazo kale. Thalauza lapadera lija, lokhala ndi ulusi umene umakola tcheni chikakhudza mwendo, linandivuta kupeza ndipo ndinachita kuitanitsa kwa msuweni wanga ku Joni. Ndinadikira mpaka litafika.

Tupa imayenderana ndi tcheni. Changa ndi cha saizi ya .325, ndipo tupa yake ndi ya mamilimita 4.8. Amalume anandiphunzitsa kuyang'ana utuchi: tcheni chakuthwa chimalavula tizibanthu tokhakhala, chobuntha chimatulutsa fumbi ngati ufa ndipo umachita kukanikiza. Ndimanola ndikamathira petulo kachiwiri kalikonse, komanso nthawi iliyonse imene tcheni chakhudza dothi. Mitengo yozuka ndi mphepo imakhala ndi mchenga m'makungwa, choncho ndimayamba ndapala ndi chikwanje pamalo podula.

Mafuta ndiwo amapha makina ambiri. Injini imeneyi ilibe posungira oyilo wakewake, oyilo amasakanizidwa ndi petulo. Pa makina anga muyezo ndi 50:1, kutanthauza mamililita 100 a oyilo wa two-stroke pa malita 5 a petulo, ndipo ndimayeza ndi sirinji, osati ndi maso. Petulo wa kuno kwathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ndipo ethanol amakoka chinyontho akakhalitsa. N'chifukwa chake ndimasakaniza lita imodzi kapena awiri basi, ndipo ndikadziwa kuti papita mwezi ndisanacheke, ndimakhuthula thanki n'kuliza injini mpaka izime yokha. Ku tcheni ndimathira oyilo wake woyera. Ambiri amathira oyilo wakuda wotsala m'galimoto poti ndi waulere, koma amakhala ndi tizitsulo timene timadya pampu ndi bar.

Ndisanayambe kudula ndinakaonana ndi a mfumu komanso mlangizi wa zankhalango wa dera lathu, kuti adziwe kuti phokoso limene azilimva likuchokera m'munda wa mitengo yodzala tokha. M'mbali mwa mtsinje kumunsi kwathu muli mibawa iwiri imene inalipo agogo asanabadwe, ndipo anthu awiri abwera kale kudzabwereka makinawa ali ndi diso pa mitengo imeneyo. Onse ndinawakaniza.

Mtengo woyamba ndinagwetsa amalume ataima chapatali, akundiuza podula kamwa yake, mpata wa mbali imene mtengo ugwere, ndi mbali yothawira. Bulugama ndimamudula ndi kumuwaza akadali wamuwisi, chifukwa akauma amalimba ngati fupa, kenako nkhunizo ndimaziunjika pa mitanda pansi pa tsindwi kuti ziume miyezi ingapo. Zitsa ndimazidula mopendeketsa pang'ono, pafupi ndi nthaka, kuti madzi asakhazikikepo. Zimene ndinadula chaka chatha zaphukira kale, china mphukira zisanu ndi zitatu, ndipo Loweruka likubwerali ndikukapatulira kuti patsale ziwiriziwiri pa chitsa chilichonse.